Dzina Limene Ndinakana Kutchula

1978: Kuphiri

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa mulibe china koma mbuzi za eni ake ndi matekenya m'zala. Ndiyambira pomwe ndinalembedwa ntchito m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza, ndili mnyamata wa ndevu zoyamba kumera, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ntchito yanga inali kusadza nthambi ndi kulambula njira zotchinga moto. Nyengo yachisanu tinkakwera phiri nkhungu isanachoke, zala zitauma gwa, moti chikwanje chinkapulumuka chokha m'manja. Kapitawo wathu anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Akakupeza ukuwothera dzuwa ankakuwa kuti, "Iwe, boma silinalembe abuluzi!" Ndinkadana naye, koma ndi iye amene anandikankhira kusukulu ya kwacha ndili kale ndi ana awiri, ati watopa kundiona ndikudinda chala ngati wakuba. Ndinaphunzira zilembo nditakhala pamphasa pakati pa amayi obereka ana kumbuyo, mwamuna ndekha. Amayi anu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Zimene mukuwerengazi zinachokera pamphasa imeneyo, choncho mukapeza mawu opindika musadabwe.

1991: Kunazale

Nditadziwa kulemba anandichotsa kuphiri n'kundiika kunazale, kumene timafesa paini ndi kulera mbande mpaka zitakwana kukawokedwa. Kumeneko ndinakhala kapitawo, ndipo pafupifupi onse amene ndinkawayang'anira anali amayi. Ntchito ya kunazale imadya msana: kusefa dothi, kuthira m'machubu, kundanda machubuwo m'mabedi, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Zaka zina machubu ankasowa, ife n'kumatola mapepala a shuga pamsika ndi kuwaboola kunsi. Zitini zothirira zikabooka tinkazimata ndi utomoni wa paini yemweyo. Mabwana ndinaona amitundumitundu. Wina ankadziwa dzina la mwana wa mayi aliyense. Wina anatha zaka zake zonse akuona mbande pawindo la galimoto. Koma chachikulu chimene ndinaphunzira sichinachoke kwa bwana. Mayi wa kunazale sanena vuto lake akukuyang'ana kumaso. Amanena manja ali m'dothi, maso ali pachubu, ndipo iwe ukafuna kumva uyenera kukhala pansi n'kumathira nawo.

2010: Kuseri kwa phiri

Nditachoka m'boma ndinalembedwa ndi kampani ina yodzala mitengo kuseri kwa phiri, chakumalire. Dzina lake sindilitchula. Manejala wake anali bwana Malunga, mwana wamng'ono kwa ine, waukhondo, wokonda kuseka. Sanali munthu wankhanza ayi. Vuto lake ankafuna kuti aliyense azimuyamika.

Patapita zaka zitatu kunabwera mayi wina wa m'tauni, wonunkhira mafuta, amene anati tizimutchula Anti Joyisi. Anagwada polonjera, analankhula Chichewa chathu chomwechi, anapempherera ngakhale chimanga chootcha chimene tinamupatsa. Anati kumayiko a Aluya kuli mahotela ofuna amayi olimbikira, oyala mabedi ndi kutsuka mbale, ndipo chiphaso ndi ndege alipira yekha. Ulendo umenewo anatenga mayi mmodzi. Pano ndimutchula Nabanda, chifukwa kuno a Nabanda ndi ambiri ngati udzu. Anali ndi mwamuna wocheka matabwa ndi ana awiri, ndipo pakuthira machubu panalibe womuposa. Tinamuperekeza ndi nthungululu. Ine ndinavina nawo.

2015: Kubwerera

Nabanda anabwera patatha zaka ziwiri, ataonda, ali ndi chikwama chokongola ndi zitenje za amayi ake ndi apongozi. Mudzi wonse unamva kuti hotela inatsekedwa. Sanakhalitse pakhomo, anabwera kudzapempha malo ake akale. Amayi anzake ankamuseka: "Wokwera ndege kudzasefanso dothi? Kapena kumeneko dothi kulibe, unalisowa?" Iye ankamwetulira pang'ono n'kukakhala kumapeto kwa mabedi yekha. Chimodzi chokha chinandidabwitsa. M'kanyumba kosungira zipangizo sankalowa. Ukamutuma khasu ankaima pakhomo n'kupempha mnzake amutengere.

2016: Chaka cha atsikana atatu

Chaka chimenecho ogula mbande anachepa, ndipo kampani inalamula kuti amayi ena achotsedwe. Bwana Malunga zinamuvuta kunena. Ndiye tsiku lina m'mawa anafika akuwala nkhope, Anti Joyisi ali pambali pake. Anasonkhanitsa amayi pansi pa mkungudza n'kunena kuti, "Ine sindichotsa munthu n'kumutaya kutchire. Ndakupezerani ntchito yoposa ino." Amayi anaomba m'manja. Atsikana atatu osakwatiwa anaimika manja nthawi yomweyo. Wamng'ono mwa iwo anali Agata, mwana wa a Zakaliya, woimba kwaya, amene ankathirira mbande akuimba mpaka kuiwala kuti chitini chatha madzi.

Nditayang'ana kumapeto kwa mabedi, Nabanda panalibe. Ndinamupeza kuseri kwa thanki ya madzi, atakokera mulu wa dothi pafupi, akuthira machubu mofulumira ngati akupikisana ndi wina. Ndinakhala pansi, ndinatenga chubu.

Tinathira kwa kanthawi. Kenako anati, "A kapitawo, lumbirani."

"Ndilumbire chiyani, mayi?"

"Kuti dzina langa silituluka pakamwa panu. Kwa bwana, kwa akazi anu, ngakhale kwa wansembe."

Ndinalumbira. Ndipo anandiuza, maso ali pachubu. Hotela kunalibe. Atangotsika ndege, bambo wina anamulanda chiphaso ndi foni, ati akazisunge. Anamutengera kunyumba ya mazenera azitsulo, mmene munali atsikana a mayiko osiyanasiyana, ndipo chitseko ankakhomera kunja. Amuna ankabwera, kusankha, kulowa naye m'chipinda. Wokana ankamenyedwa ndi kumanidwa madzi. Anatuluka chifukwa anadwala mpaka amuna aja kuyamba kumukana, ndipo eni nyumba anamutaya pamsewu. Mayi wina wachilendo ndiye anamutola n'kumuthandiza kufika kwa anthu amene anamubweza kwathu. Zitenje zija anagula ku Lilongwe pobwera, kuti asafike chimanjamanja.

"Bambo a ana anga akamva, banja latha," anatero. "Apongozi amavala chitenje changa kutchalitchi. Koma ana awa asapite, a kapitawo. Chitani chilichonse, koma osati ndi dzina langa."

Ndinaimirira ndili ndi mkwiyo. Mayi wonunkhira uja anali adakali pansi pa mkungudza, akusisita Agata patsaya.

Ndinadikira kuti achoke, ndipo ndinalowa mu ofesi ya bwana osagogoda.

"Bwana, mayi uyu amagulitsa anthu."

Anaseka. "Madala, mwadya chiyani lero?"

"Kumeneko kulibe hotela. Kuli nyumba zogulitsiramo matupi a atsikana."

"Wakuuzani ndani?"

"Sindinganene."

"Simunganene. Inuyo ndege munaikwerapo? Ku Lilongwe komweku mumasochera. Taonani Nabanda uyo, sanapite? Sanabwere ndi chikwama? Mufunseni." Anatembenuza foni yatsopano imene inali patebulo, imene dzulo lake analibe. "Anthu okalamba ndinu otere. Mwana akafuna kukwera, mumamugwira mwendo."

Ana anga, mpaka lero ndikakumbukira mawu akuti "mufunseni", m'kamwa mumandiwawa. Umboni wa bwana unali munthu yemwe uja Anti Joyisi anamuwononga, ndipo ine ndinayenera kungoima ngati chitsa. Ndinaganiza zopita kupolisi, koma ndinadziwa kuti funso loyamba likhala lomwelo: wakuuzani ndani?

Nzeru inandibwerera ndikupalasa njinga. Kuno kwathu kuli malo amodzi kumene mkazi anganene chilichonse ndipo mawu ake osatuluka. Ndi m'tsimba, m'nyumba imene anamkungwi amalangira atsikana. Mwamuna salowamo, ndipo mkazi wotulutsa za m'menemo sakhalanso munthu pakati pa anzake. Ndinabwerera kwa Nabanda kukamufunsa. Iye anati, "M'tsimba ndinganene."

Namkungwi wa dera lathu anali a Nachisale. Musaganize za gogo wogwira ndodo. Anali mayi wa mphamvu zake, wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu ku Linthipe, wotukwana madalaivala a malole mpaka iwo kupepesa. Ndinawapeza akuunjika mbatata m'ndowa, zazikulu pamwamba.

"A Nachisale, ndabwera kwa inu ngati namkungwi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iii, a kapitawo, mwatha msinkhu liti? Imvi zonsezi mwachedwa nazo kuti?"

Amayi oyandikana nawo anafa nacho chiseko. Ndinawakokera pambali ndi kuwauza kuti pali atsikana atatu opita kutali, ndipo pali mayi wina amene ali ndi mawu osayenera kunenedwa pabwalo.

Nkhope yawo inasintha. "Mayiyo ndani?"

"Mukamuona m'tsimba."

"Chabwino. Mwana wamkazi sapita ulendo wautali osalangidwa, ndi mwambo umenewo, palibe kholo lingakane. Inu mukatenge nkhuku, amayi sangayankhule ndi njala. Ndipo mukaime kutali. Ndikakuonani pafupi ndi khomo, ndikuvulani pamaso pa anthu."

Makolo a atsikana awiri anavomera msanga, ati n'zoyenera. Linali Loweruka masana. Ine ndinakhala pachulu kutsidya kwa dimba, ndikumva ng'oma ndi nyimbo. Kenako ng'oma zinaleka, ndipo kunakhala zii kwa nthawi yaitali. Atsikana awiri aja atatuluka, maso anali ofiira, ndipo mmodzi anasanza kuseri kwa nthochi. Lolemba anabwera kuntchito n'kuuza bwana kuti sapita. Atafunsidwa chifukwa, anangoti, "Tasintha maganizo." Mpaka lero ndi amayi a mabanja awo, ndipo chimene anamva tsiku lija sichinatuluke.

Agata m'tsimba sanalowe. Bambo ake anakana.

A Zakaliya anali mkulu wa mphakati, munthu wolungama, wosamwa, wolima kabichi wabwino kuposa aliyense m'dera lathu. Koma ali mwana, gule anawathamangitsa pochokera ku katekisimu mpaka kuthyoka mkono, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chokhudza anamkungwi kapena dambwe chinali cha Satana. Ine ankandidziwa kuti ndinalowa gule ndili mnyamata. Ndinawapeza m'dimba akuthira manyowa.

"A Zakaliya, lolani mwana akamve mawu kwa a Nachisale. Tsiku limodzi lokha."

"Mwana wanga ndi wobatizidwa. Alangizi a kutchalitchi amulanga kale."

Apa ndiye panali msampha. Mmodzi mwa alangizi a kutchalitchiwo anali apongozi ake a Nabanda. Kumeneko sakanatsegula pakamwa.

"Ndiye mverani ine," ndinatero. "Kumene akupitako kulibe ntchito. Akamutsekera m'nyumba, amuna azikamugona mosinthana. Alipo amene anapita n'kuziona."

Anaika pansi ndowa. Ndinaona kuti mawu awalasa. "Ndani?"

"Ndinalumbira."

"Mundiuze dzina, a kapitawo. Ndipita ndekha, ndikakhala naye pansi, ndikamva ndi makutu anga. Akanena zimenezo, Agata sapita. Ndikulumbira pa kolona iyi."

Ana anga, chiganizo chovuta cha moyo wanga wonse wa ntchito chinali pamenepo, pakati pa mizere ya kabichi. Dzina linali pansonga ya lilime. Ndinaona Agata akuimba ndi chitini chopanda madzi. Ndinaonanso Nabanda akutulutsidwa m'nyumba, ana ake akulozedwa zala pachitsime. A Zakaliya ankapemphera mphakati umodzi ndi apongozi aja, ndipo sanali munthu wodziwa kubisa kanthu kwa akazi awo.

"Sindingathe," ndinatero.

Nkhope yawo inauma. "Ndinadziwa. Munthu wopanda dzina, nkhani yopanda mwini. Anti Joyisi anatichenjeza kuti anamkungwi achita nsanje, amafuna atsikana azingokwatiwa ndi kubereka. Inu a kudambwe mwaopseza ana a eni ake awiri, tsopano mukufuna wanga. Mayi uja anagwada m'nyumba mwanga, tinapemphera naye kolona yonse. Inu munapempherapo ndi ine?"

Taonani mmene anthu awa amagwirira ntchito. Sabwera ndi mfuti. Amayamba aphunzira mudzi, kudziwa amene sadyera mbale imodzi ndi mnzake, kenako amalowa pamng'alu womwewo. Mayi uja anadziwa kuti mkhristu sangamvere namkungwi. Anadziwa kuti bwana amafuna kuomberedwa m'manja. Koposa zonse anadziwa kuti mkazi amene anamuwononga sadzanena, chifukwa kuno timaseka wogwiriridwa, wogwirira n'kumupatsa mpando. Manyazi a Nabanda ndiwo anali mlonda wake, ndipo manyaziwo tinamuumbira ndife.

Anzake awiri aja anayesa. Anamuuza Agata kuti, "Usapite, mnzathu, chonde usapite." Atafunsa chifukwa, anangolira. Iye anaganiza kuti akuopa ndege.

Ananyamuka m'mawa wina pa Dedza Boma. Ndinapita pamalo okwerera minibasi. Amayi a kwaya anabwera ndi yunifolomu, akuimba. Ndinadzipanikiza mpaka pawindo.

"Agata, mwana wanga, tsika. Ntchito yako ndikaimenyera nkhondo."

Anaseka, mano oyera. "A kapitawo, musadandaule. Ndikakutumizirani jekete yachisanu, musiye kuvala thumba la feteleza."

Anti Joyisi anali pampando wakutsogolo. Anatembenuka, anandiyang'ana, n'kunena mokoma kuti, "Agogo, pitani mukapume." Ndinamenya chitseko cha minibasi ndi chibakera ndikukuwa kuti, "Wakuba anthu uyu!" Anyamata oitanira anandigwira n'kundikankhira kumbali, anthu akuseka, ena akuti mdala waledzera m'mawa. A Zakaliya anayang'ana kumbali.

Bwana Malunga atamva, anati ndachititsa manyazi kampani. Anandichotsa kunazale n'kundiika pansanja yoonera moto pamwamba pa phiri, kumene munthu umayankhula ndi akhungubwe okha. Ndinakhala kumeneko mpaka kupuma ntchito mu 2018. Iye anakwezedwa, ali ku Lilongwe. Anti Joyisi sanabwerenso kudera lathu, koma ndimamva kuti kumaboma ena kukuyenda mayi wa dzina lina, wogwada bwino, wodziwa kupemphera.

2022: A Zakaliya pakhomo panga

Agata anaimba foni kangapo miyezi yoyamba, mawu ochepa, ngati pali wina pambali. Kenako zii. Nambala ya Anti Joyisi inasiya kugwira. A Zakaliya anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, koma kulikonse ankafunsidwa mzinda ndi nyumba, ndipo iwo ankadziwa dzina la dziko lokha. Zaka zonsezi tikakumana panjira sitinkapatsana moni.

Tsiku lina masana ndikusenda nsungwi pakhonde, ndinaona munthu wowerama akulowa pabwalo. Sindinawazindikire msanga. Anakana mpando, anakhala pansi penipeni, chipewa m'manja.

"A kapitawo, sindinabwere kudzakangana. Munthu uja munkanena kuti anapita n'kuziona. Mwina akudziwa mzinda. Mwina akudziwa msewu, kapena maonekedwe a nyumba. Ngakhale m'tsimba ndilowa, mundivale chitenje ngati n'kofunika."

Ndinawauza kuti adikire. Ndinatenga njinga.

Nabanda ndinamupeza kudimba kwake akupatulira anyezi. Banja lake lilipo, ana akula, mwamuna wake mpaka lero amadziwa za hotela. Ndinakhala pamzere, ndinayamba kuzula nawo udzu, ndipo ndinamuuza zonse: za m'dimba la kabichi, za kolona, za lonjezo la a Zakaliya lakuti akamva ndi makutu awo mwana sapita. Zimenezi ndinali ndisanamuuzepo. Ndinkaona ngati ndikumuteteza ku katundu wolemera.

Manja ake anaima m'dothi. Kwa nthawi yoyamba chidziwireni, anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso.

"Anati akamva kwa ine, Agata sapita?"

"Anatero."

"Ndipo inu munapita kunyumba kukagona?"

"Ndinali nditalumbira, mayi."

"Munalumbira kwa ine. Ine ndinalipo, a kapitawo, kuseri kwa thanki komwe kuja. Za m'tsimba munabwera kudzandifunsa. Izi zinakukanikani bwanji? Dzinalo ndi langa. Woti alipereke kapena alikanize ndinali ine, osati inu."

"Mukanavomera?"

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina ndikanakana. Koma mukanandifunsa."

Anasamba m'manja mumngalande, anamanga chitenje bwinobwino, anaitana mwana wake wamkazi kuti atsale akuthirira.

"Ali kuti bambowo?"

"Pakhonde panga."

"Tiyeni. Nyumba ija inali pafupi ndi msika wa nsomba, ndimamva fungo lake mpaka lero. Akayambire pamenepo."